Zitsulo ziwiri, lata limodzi: mmene maginiziyamu ndi aluminiyamu amalumikizidwira

Ophunzira athu, makolo ndi akuluakulu a komiti, pa tsamba la sayansi la teremu ino tikambirana funso limene likuwasowetsa tulo akatswiri a zitsulo m'mayiko amene amapanga galimoto, ndege ndi makompyuta. Funsolo ndi ili: tingatenge bwanji lata la maginiziyamu ndi lata la aluminiyamu n'kuwasandutsa lata limodzi losamatuka, limene tingalipinde n'kupanga chiwiya popanda kung'aluka? Tasankha mutuwu chifukwa ukusonkhanitsa zinthu zimene ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 amaziwerenga padera padera pokonzekera MSCE, monga periodic table, density, reactivity series ndi diffusion. Pano tiziona zikugwira ntchito limodzi. Kumapeto tili ndi mawu okhudza chitetezo amene tikupempha makolo kuti awerenge, makamaka amene amagwira ntchito ya zitsulo.

Anansi awiri osiyana khalidwe

Pa periodic table, maginiziyamu ali pa nambala 12 ndipo aluminiyamu ali pa nambala 13. Amasungunuka pa kutentha kofanana ndithu: maginiziyamu pa madigiri 650, aluminiyamu pa madigiri 660. Kusiyana kwawo kwagona pa kulemera. Kiyubiki sentimita imodzi ya maginiziyamu imalemera magalamu 1.74, ya aluminiyamu magalamu 2.70, pamene ya chitsulo wamba cha sitilo imalemera pafupifupi magalamu 7.85. Mwa zitsulo zonse zimene anthu amapangira makina ndi galimoto, maginiziyamu ndiye wopepuka kwambiri. Galimoto ikapepuka imadya mafuta ochepa, ndipo ya magetsi imayenda mtunda wautali batire lisanathe. Kampani ya Volkswagen inadziwa izi kalekale, moti bokosi la injini ndi la magiya la galimoto ya Beetle ankalipanga ndi maginiziyamu.

Nanga bwanji osangopanga zonse ndi maginiziyamu? Ali ndi zofooka ziwiri.

Choyamba, amadyeka msanga. Zitsulo zonse ziwirizi zikakumana ndi okosijeni wa mumpweya zimapanga kakhungu ka okisaidi pamwamba pake. Kakhungu ka aluminiyamu ndi kopyapyala zedi koma kothinana, kotero kamatseka njira ya madzi ndi mpweya. N'chifukwa chake mapoto athu a aluminiyamu amatha zaka akutsukidwa tsiku ndi tsiku. Kakhungu ka maginiziyamu kamakhala ndi timipata, ndipo madzi, makamaka amchere, amalowa n'kuyamba kudya chitsulocho.

Chachiwiri, akakhala wozizira sapindika bwino. Maatomu a chitsulo amakhala m'mizere yosanjikizana, ndipo chitsulo chimapindika pamene mizereyo ikutsetsereka umodzi pamwamba pa unzake. Mu aluminiyamu maatomu anayalana mwa mtundu wa face-centred cubic, umene umapereka njira 12 zotsetserekera. Mu maginiziyamu anayalana mwa mtundu wa hexagonal close-packed, ndipo pa kutentha kwa m'nyumba njira zosavuta zimakhala 3 zokha, zonsezo zili pa bwalo limodzi. Taganizirani mulu wa makope: mukaukankha cham'mbali umatsetsereka, koma mukaukanikiza kuchokera pamwamba sukhala ndi kolowera. Ndi mmenenso lata la maginiziyamu limachitira, limang'aluka mukalipinda kwambiri. Njira zina zimatseguka likatenthetsedwa kufika pa madigiri pafupifupi 225. Nambala imeneyi muisunge, tiifunanso.

Nzeru yake ndi yoti maginiziyamu akhale pakati, aluminiyamu akhale chophimba uku ndi uku. Akatswiri amalemba Al/Mg/Al. Pakati nthawi zambiri amaika maginiziyamu wosakaniza wotchedwa AZ31, amene mwa magawo 100 alionse muli magawo 3 a aluminiyamu ndi gawo limodzi la zinki.

Tiyeni tiwerengere phindu lake

Titenge lata la mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi mamilimita 2 kuchindikala. Voliyumu yake ndi makiyubiki sentimita 2,000. Likakhala la sitilo lilemera makilogalamu 15.7. Likakhala la aluminiyamu yekha lilemera makilogalamu 5.40. Tsopano tilisanjikize: mamilimita 0.25 a aluminiyamu pamwamba, 1.5 a maginiziyamu pakati, 0.25 a aluminiyamu pansi. Aluminiyamu ndi makiyubiki sentimita 500, kuchulukitsa ndi 2.70 tipeza magalamu 1,350. Maginiziyamu ndi makiyubiki sentimita 1,500, kuchulukitsa ndi 1.74 tipeza magalamu 2,610. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 3.96. Tachotsa makilogalamu 1.44 pa 5.40, kumene kuli kupepuka ndi pafupifupi 27 peresenti, koma kunja kwa latalo kukadali aluminiyamu wosadyeka.

Kusanjikiza zitsulo si nzeru yatsopano. Cha m'ma 1743, Thomas Boulsover wa ku Sheffield ku England anapeza njira yomatira siliva pa mkuwa n'kuzipsinja pamodzi. Mu 1927 kunalengezedwa lata lotchedwa Alclad la kampani ya Alcoa ku America, limene ndi aluminiyamu wosakaniza wolimba wokutidwa ndi aluminiyamu weniweni, ndipo mpaka pano limagwiritsidwa ntchito pa matupi a ndege. Kuyambira 1965, ndalama zachitsulo za ku America za dime ndi quarter zimakhala ndi mkuwa pakati, kunja kwake mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Ngakhale malata a pa denga la kalasi yathu ndi sitilo yokutidwa ndi chitsulo china choiteteza ku dzimbiri. Komabe maginiziyamu ndi aluminiyamu ndi ovuta kuposa onsewa, ndipo chifukwa chake tichiona posachedwa.

Mmene amawamatira

Guluu palibepo. Zitsulo ziwiri zimagwirana zokha ngati maatomu a china afika pafupi kwambiri ndi maatomu a chinzake, moti n'kuyamba kugawana maelekitironi. Chimene chimatchinga ndi mafuta, fumbi ndi kakhungu ka okisaidi kaja.

Amayi amene amapanga samusa akudziwa kale theka la phunziroli. Pofuna timapepala topyapyala tokulungira samusa, amasanjikiza tizidutswa ta ufa wokanda, kupaka mafuta ndi kuwaza ufa pakati pake, kenako n'kupsinja zonse pamodzi. Zikatenthedwa pang'ono zimamatuka bwinobwino chifukwa mafuta aja analetsa kugwirana. Wopanga lata losanjikiza amafuna zosemphana ndi zimenezi, choncho ntchito yake yoyamba ndi kuchotsa chilichonse chimene chili pakati.

Njira yofala imatchedwa roll bonding, ndipo imayenda motere. Amatsuka malata ndi mankhwala ochotsa mafuta monga acetone. Amawakwecha ndi bulashi ya waya kuti khungu lakale lichoke ndipo pamwamba pakhale pokhakhala. Amawasanjikiza mwamsanga n'kuwamanga m'makona kuti asaterereke. Amawatenthetsa mu ng'anjo, kawirikawiri pa madigiri a pakati pa 300 ndi 400. Akadali otentha amawalowetsa pakati pa marola, imene ndi migolo iwiri yachitsulo cholimba yozungulira moyang'anizana, ndipo mpata wa pakati pake ndi wochepa kuposa kuchindikala kwa mulu wa malatawo.

Apa ndi pamene masamu amatithandiza kumvetsa. Tiyerekeze kuti mulu wa mamilimita 4 watuluka uli mamilimita 2. Voliyumu sinasinthe, m'lifupi simunasinthe kwenikweni, choncho utali wawirikiza kawiri. Chitsulo chimatamuka, koma kakhungu ka okisaidi kamene kanabwerera malata ali mu ng'anjo sikatamuka. Kamasweka n'kusiya ming'alu, ndipo pafupifupi theka la malo okhudzana limakhala chitsulo chatsopano chimene sichinaonepo mpweya. Mphamvu ya marola imakankhira chitsulo chatsopanocho m'ming'alu muja, maginiziyamu n'kukumana ndi aluminiyamu maso ndi maso. Ngati kupsinjako kwachepa, ming'alu imachepanso ndipo malata amatuluka osagwirana. N'chifukwa chake pamafunika kuti achepetse kuchindikala ndi gawo lalikulu pa ulendo umodzi wokha.

Mu 1998, Yoshihiro Saito, Nobuhiro Tsuji ndi anzawo a pa yunivesite ya Osaka ku Japan anafalitsa njira yotchedwa accumulative roll bonding. Lata likatuluka m'marola amalidula pakati, kutsuka, kukwecha, kusanjikiza zidutswa ziwirizo n'kupsinjanso. Ulendo uliwonse zigawo zimawirikiza kawiri. Mukayamba ndi lata limodzi, pa ulendo wachitatu muli ndi zigawo 8, pa wa 10 muli ndi 1,024.

Pali njira zinanso. Mu explosive welding, imene kampani ya DuPont ku America inaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1960, zophulika zimaponya lata limodzi pa linzake mwaliwiro lalikulu, ndipo kugundanako kumasesa okisaidi n'kusiya malire okhala ngati mafunde. Mu friction stir welding, imene inatulukiridwa mu 1991 ku The Welding Institute pafupi ndi Cambridge ku England, kachitsulo kolimba kozungulira kamafewetsa zitsulozo n'kuzitakasa pamodzi. Njira zonsezi zikufanana pa chinthu chimodzi: chitsulo sichisungunuka.

Chifukwa chimene moto uyenera kuyezedwa

Wina angafunse kuti, bwanji osangopita nazo kwa owotcherera? Yankho lake ndilo mtima wa phunziroli.

Zitsulo zikatentha, maatomu amayendayenda. A maginiziyamu amalowerera mu aluminiyamu, a aluminiyamu amalowerera mu maginiziyamu. Iyi ndi diffusion ija timaiona pamene inki yafalikira m'madzi, kungoti mu chitsulo imachedwa kwambiri. Kulowerera pang'ono n'kwabwino, kumalimbitsa mgwirizano. Koma kukapitirira, pamalire pamabadwa zinthu ziwiri zatsopano zotchedwa intermetallic compounds. Kumbali ya maginiziyamu kumapangika Mg17Al12, kumbali ya aluminiyamu kumapangika Al3Mg2. Zonse ziwiri ndi zolimba kuposa zitsulo zimene zachokerako, koma n'zothetheka ngati mbale yadothi. Mukapinda latalo, aluminiyamu amapindika, maginiziyamu amayesetsa, koma kachigawo kapakatiko kamathetheka, mng'alu n'kuyenda m'malire monse mpaka malata kumatuka.

Kachigawoka amakayeza m'ma micrometre. Micrometre imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000, ndipo tsitsi limodzi la munthu limakwana ma micrometre makumi angapo. Kanthu kochepa chonchi ndi kamene kamagamula ngati chitseko cha galimoto chikhale cholimba kapena ayi. Kuchindikala kwake kumakula motsatira square root ya nthawi: kuti kawirikize kawiri pamafunika nthawi yowirikiza kanayi. Kutentha ndiko kumakafulumizitsa kwambiri. Kuwonjezera madigiri 50 kumakakulitsa kuposa kuwirikiza nthawi.

Palinso vuto lina lodabwitsa. Tanena kuti maginiziyamu amasungunuka pa madigiri 650 ndipo aluminiyamu pa 660. Koma akasakanikirana pa mlingo wina amasungunuka pa madigiri 437 okha. Malo amenewa amatchedwa eutectic. Okonza mawailesi ndi mafoni amadalira khalidwe lomweli: tini amasungunuka pa madigiri 232, mtovu pa 327, koma waya wawo wowotcherera wosakaniza ziwirizi amasungunuka pa 183. Kwa iwo ndi mwayi. Kwa wopanga lata la Al/Mg/Al ndi ngozi, chifukwa akadutsa madigiri 437 malire amasanduka madzi ngakhale malata onse awiri akuoneka olimba, ndipo pozizira pamatsala chigawo chochindikala cha zothetheka zija. Moto wa owotcherera umadutsa kutali nambala imeneyi, n'chifukwa chake mfundo yowotcherera zitsulo ziwirizi mwa nthawi zonse siichedwa kuthyoka.

Tsopano tiike nambala zathu pamodzi. Pansi pa madigiri pafupifupi 225 maginiziyamu safuna kupindika ndipo amang'aluka m'mphepete. Pamwamba pa madigiri 437 malire amasungunuka. Ntchito yonse iyenera kuchitikira pakati apa, ndipo ngakhale pakatipo nthawi iyenera kuchepa. Lata likatuluka m'marola limakhala louma, choncho amalitenthetsanso kuti lifewe, ntchito yotchedwa annealing. Akaichita pa madigiri a m'ma 200, mgwirizano umalimba ndipo lata limapindika bwino. Akaichita pa 350 kapena 400 kwa maola, zothetheka zija zimakula n'kuwononga ntchito yonse. Ofufuza ena amaika kalata kopyapyala ka zinki kapena nikelo pakati kuti maatomu a zitsulo ziwirizi asakumane mochuluka.

Kupanga chiwiya

Lata silithera pa kukhala lathyathyathya. Liyenera kupindidwa kapena kukanikizidwa mu chikombole kuti likhale chikuto cha laputopu kapena mbali ya galimoto. Njira yokanikiza lata mu chikombole chakuya mpaka likhale ngati kapu imatchedwa deep drawing. Pa lata losanjikizali amaichita lili lofunda, pa madigiri a m'ma 200. Aluminiyamu wa kunja amathandizanso pano, chifukwa popinda, mbali ya kunja ndi imene imakokeka kwambiri, ndipo pamenepo pali chitsulo chotamuka bwino. Mwayi wina ndi woti zitsulo ziwirizi zimafufuma pafupifupi mofanana zikatentha, kotero lata silikhota kwambiri pozizira monga chimachitira kachitsulo kosanjikiza ka mu thermostat ya ayironi.

Pofuna kudziwa ngati zagwirana, akatswiri amadula kachidutswa n'kukoka chigawo chimodzi ngati akusenda nthochi, uku akuyeza mphamvu imene yafunika. Amapindanso kachidutswa kena n'kuona ngati kamatuka, ndipo amayang'ana malire pa maikulosikopu kuti ayeze kuchindikala kwa intermetallic.

Vuto lotsala ndi m'mphepete. Pamene lata ladulidwa kapena kubooledwa, maginiziyamu amaonekera. Kumbukirani reactivity series: maginiziyamu ali pamwamba pa aluminiyamu, aluminiyamu pamwamba pa zinki, zinki pamwamba pa chitsulo cha ayironi. Zitsulo ziwiri zikagundana pali chinyezi, chimene chili pamwamba ndicho chimadyeka. Pa malata okutidwa ndi zinki zimenezi ndi zabwino, pakuti lata likakandika zinki wa kunja amadyeka m'malo mwa sitilo ya m'kati. Pa Al/Mg/Al zinthu zatembenuka: wodyeka ndi amene ali m'kati. Choncho m'mphepete ndi m'mabowo onse muyenera kumatidwa ndi penti kapena mankhwala otchinga madzi. Mavuto amenewa, pamodzi ndi mtengo wake, ndi amene akuchititsa kuti malata otere akhale akadali ambiri m'manja mwa ofufuza kusiyana ndi m'misika.

Komabe zitsulo ziwirizi zinayenda kale limodzi pamsewu. Mu 2004 kampani ya BMW ku Germany inatulutsa injini yotchedwa N52. M'kati mwa thupi la injiniyo, mmene mumayenda mapisitoni ndi madzi oziziritsa, ndi mwa aluminiyamu, ndipo kunja kwake anathirako maginiziyamu wosungunula. Mabawuti ambiri olowa mu maginiziyamuyo ndi a aluminiyamu, chifukwa a sitilo akanachititsa kuti maginiziyamu adyeke msanga. Makaniko amene waiwala zimenezi n'kuika bawuti wamba amakhala wayambitsa vuto limene lidzaoneke patapita nthawi.

Mawu kwa makolo ndi akomiti

Ophunzira amene anaonapo kachingwe ka maginiziyamu kakuyaka mu labotale akudziwa kuwala kwake koyera kothobwa m'maso. Chidutswa chachikulu sichiyaka wamba, koma tiziphuthu take, fumbi lake ndi maginiziyamu wosungunuka zimayaka mosavuta. Moto wake sazimitsa ndi madzi, chifukwa pa kutentha kumeneko maginiziyamu amalanda okosijeni wa m'madzi n'kusiya mpweya wa haidrojeni, umenenso umayaka. Pa ngozi ya pa mpikisano wa galimoto ku Le Mans ku France pa 11 June 1955, galimoto ya Mercedes-Benz ya thupi la maginiziyamu wosakaniza inagwira moto, ndipo madzi amene anathirapo anangoukolezera. Chozimitsira moto wotere ndi mchenga wouma. Tikupempha akomiti kuti pa zinthu zofunika mu labotale, chidebe cha mchenga wouma ndi magalasi oteteza maso zisamasowe.

Kwa makolo ndi achibale amene amasungunula zitsulo zakutha n'kuumba mapoto: maginiziyamu amafanana kwambiri ndi aluminiyamu pa maso, ndipo amapezeka m'zikuto za malaputopu ena, m'matupi a makina ochekera mitengo ndi m'ziwongolero za galimoto zambiri. Kumuzindikira n'kosavuta. Kwechani chitsulocho ndi tupa mpaka chiwale, kenako dontheziranipo viniga. Maginiziyamu amachita thovu nthawi yomweyo, aluminiyamu amangokhala chete. Chochita thovu chisalowe mu ng'anjo.

Zoti tiyese ndi kuyankha

Tengani dongo lofiira ndi dongo lakuda, kapena ufa wokanda wa mitundu iwiri. Sanjikizani zigawo zitatu n'kuzipsinja ndi botolo mpaka kuchindikala kutsike ndi theka. Bwerezani ndi zigawo zina, koma ulendo uno wazani phulusa louma pakati. Yesani kumatula zonse ziwiri n'kulemba zimene mwaona. Kenako dulani choyamba chija pakati, sanjikizani, psinjaninso katatu, ndipo muwerenge zigawo podula ndi mpeni.

1. Werengerani kulemera kwa lata la mita imodzi uku ndi uku lokhala ndi mamilimita 0.5 a aluminiyamu, 2.0 a maginiziyamu ndi 0.5 a aluminiyamu.
2. Mulu wa malata wa mamilimita 6 kuchindikala ndi masentimita 30 m'litali watuluka m'marola uli mamilimita 3. Kodi utali wake watsopano ndi wotani, ndipo n'chifukwa chiyani zimenezi zimathandiza kugwirana?
3. Pa kutentha kwina, intermetallic yachindikala ma micrometre 5 pa ola limodzi. Idzafika ma micrometre 10 patapita maola angati?
4. Fotokozani chifukwa chimene madigiri 450 ali oopsa pa lata la Al/Mg/Al ngakhale zitsulo zonse ziwiri zimasungunuka pamwamba pa madigiri 600.
5. Lata lokutidwa ndi zinki ndi lata la Al/Mg/Al onse akandika ndipo mvula yagwa. Pa lililonse, ndi chitsulo chiti chimene chiyambe kudyeka?

Mayankho muwalembe m'makope mwanu n'kuwapereka kwa aphunzitsi a Chemistry kapena a Physics. Makolo, mwana akamakufotokozerani yankho la funso lachinayi, mufunseni kuti akuuzeni nambala ziwiri zija ndi chimene chimachitika pansi pa yoyamba ndi pamwamba pa yachiwiri. Akazifotokoza bwino m'Chichewa, ndiye kuti phunziroli walimva.